Fiskani Longwe, Wotsata Maliro ndi Foni

Mukuti simumudziwa Fiskani Longwe? Nanga foni yanu ikagwera m'madzi mumathamangira nayo kwa yani? Si uja amakhala m'kashopu kuseri kwa siteji ya maminibasi pa Chintheche, wovala shati yositidwa ngati akukafunsira mbeta, chonsecho akungotokosa matumbo a mafoni a eni? Mumamupatsa foni maso ali kumbali, akakonza mumatsomphola n'kumapita, osafunsa n'komwe kuti kunyumba kwacha bwanji. Ena mumachita kuiika pathebulo kuopa kukhudzana naye dzanja. Manyazi mulibe. Khalani pansi mumve za munthu amene mumamulambalala ngati chitsa.

Fiskani anabadwira kumtunda kwa Makuzi, m'nyumba ya aphunzitsi a Winston Longwe. Ada Longwe, monga tinkawatchulira, anali munthu wa choko ndi nyimbo. Mkati mwa sabata ankakalipira ana kusukulu, Loweruka ankakalipira akuluakulu kukwaya. Khutu lawo linali loipa, linkamva ngakhale mayi wa kumbuyo kwenikweni akameza malovu pakati pa mawu. Mwana wawoyu mawu sanatengere. Fiskani akayamba kuyimba, nkhuku zinkachoka pakhonde. Chimene anatengera kwa bambo ake ndi kuuma mutu basi.

Tsono kwathu kuno kuli nyimbo zina zimene simungazipeze m'buku la kutchalitchi. Ndi zoperekezera maliro. Zimayamba pakhomo la tchalitchi, kudutsa mumchenga, kukwera chitunda, mpaka kumanda, anthu akuyenda kumbuyo kwa bokosi. Anazipeka akuluakulu akalekale, mayina awo anapita ndi mphepo. Pa zonsezo pali imodzi yaitali, yovuta, imene siyimbiridwa aliyense. Imeneyo ndi ya akulu a mpingo ndi amayi a Umanyano, aja a bulauzi yoyera, amene anakalambira m'ntchito ya Mulungu. Ada Longwe ndi amene anazitolera nyimbozi kwa nkhalamba n'kuzilemba m'zilembo zija za do, re, mi zimene a kwaya amati solofa. Analemba pamapepala, chiswe chinadya. Analembanso, denga linadontha.

Fiskani atapita ku Mzuzu kukaphunzira za makompyuta, anabwera patchuthi atasenza chikompyuta chachikale chimene loji ina ya ku Kande inkafuna kutaya, chimutu chake ngati mtsuko. Anawapangira bambo ake pulogalamu yojambula nyimbozo pagalasi pake paja, pasikirini. Anali mnyamata, magazi akuwira, ankafuna bambo ake amuone kuti ndi munthu. Anapanga mothamanga, ndipo zinatheka.

Mvetsani bwino apa, chifukwa tsoka lake lonse lagona pamenepa. Pulogalamu yakaleyo inali ngati wantchito womvera koma wopanda nzeru. Sunkaiuza kuti ndikufuna nyimbo yakuti. Unkaiuza chilichonse: yambira pakona, pita kumanja timadontho takuti, tsika takuti, lemba do pamenepo, sendera pang'ono, lemba mi. Iyo osafunsa kanthu, kumangochita. Ada Longwe anaphunzira kugwira kachipangizo kaja kotsetsereka pathebulo, mausi, ndipo anayamba kujambula tizizindikiro tawo pamwamba pa nyimbo. Kambedza pamene anthu apume. Kanjoka pamene mawu akokedwe. Kamtanda pamene amayi alowe abambo asanalowe. Popanda timeneti nyimbozo ndi mafupa okhaokha. Akalakwitsa, pulogalamuyo inalibe chofufutira chenicheni, inkangopaka zoyera pamwamba ngati laimu pakhoma la mwaye, iwo n'kujambulanso. Maliro aliwonse, akangobwera kumanda n'kusamba m'manja, ankakhala pakompyutapo kukonza zimene khutu lawo latola m'njira. Zaka zinapita chomwecho, laimu pamwamba pa laimu.

Fiskani anapeza ntchito ku Lilongwe yopanga mapulogalamu. Anakwatira Kate, namwino wa ku Dedza, mkazi wolankhula mosapsatira, ndipo anabereka mwana wamkazi, Lucy. Ankabwera pa Khirisimasi atavala jekete m'dzuwa la kuno, ife n'kumati mwana wa aphunzitsi wakwera. Kenako chikompyuta chija chinafa. Chinyezi cha kunyanja chinachidya m'kati, nyerere zinamangamo mudzi. Mwayi wake nyimbo zonse anali atazisunga m'kafulashi, kaja kangati chala. Ada Longwe anamuimbira mwana wawo foni.

"Fiskani, ana a masiku ano sayang'ana buku, sayang'ana mphunzitsi, amayang'ana foni. Amayi odziwa nyimbozi akutha. Uziike m'mafoni mwa anawa ndisanafe."

"Ada, imeneyo ndi ntchito yochepa. Ndikapeza mpata ndichita."

Mpata sanaupeze. Chimene chinapezeka ndi sitiroko. Mkulu uja anagwa ali kumunda wa chinangwa, mbali ya kumanja yonse inafa, pakamwa panapotoka. Mayi ake a Fiskani anali atatisiya kale, ndipo mwana wina panalibe. Fiskani anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi, Kate anapempha kuti amusamutsire kuchipatala cha kuno. Kashopu ka mafoni kaja kanayamba pamenepo. M'mawa amasambitsa bambo ake, masana amakonza mafoni, pakati pakepo amatsegula laputopu kulimbana ndi nyimbo zija.

M'foni simulowa pulogalamu yachikale ija, anayenera kuimanganso. Ndipo za masiku ano amamanga mwa mtundu wina. Makinawo sulamulanso dzanja lake kuti pita uku, tsika apa. Umangonena chimene chilipo ndi chibale chake: nyimbo ili ndi mizere, mzere uli ndi mawu, liwu lililonse lili ndi noti yake. Foniyo imayala yokha molingana ndi kukula kwa galasi lake, ndipo ukaitembenuza chammbali imafafaniza zonse n'kuyalanso mwatsopano. Zili ngati kukhazika anthu paukwati. Kale unkati, iwe khala pamwala uwo. Tsopano umati, mkazi akhale pambali pa mwamuna wake, kaya ukwati uchitikira m'holo kaya pabwalo.

Mawu ndi manoti anasamuka bwinobwino, chifukwa ankadziwana. Koma tizizindikiro ta Ada Longwe tinalibe mwini. Kalikonse kankangodziwa mwala wake, kuti ine ndimakhala timadontho takuti kuchokera pakona ya galasi lakale lija. Galasilo kulibe. Tinangogwera paliponse. Kambedza pakati pa liwu, kamtanda m'mphepete mopanda kanthu, laimu uja kuphimba manoti osalakwa. Kate foni yake amaikonda yakuda kumbuyo, ndiye atatsegula, zopaka zoyera zonse za zaka zija zinaonekera poyera.

"Bambo a Lucy, apa nkhuku yapalasa kapena?"

"Ndinapalasa ndine, ndili mnyamata. Sindinaifunse pulogalamu kuti kambedza aka ndi ka noti iti. Ndinangosunga pamene kanagwera."

"Ndiye bwezerani mmene zinalili. Si inu akatswiri a ku Lilongwe?"

Anayesa. Anapanga tsamba lofanana kukula ndi galasi lakale. Koma zilembo za chikompyuta chija zinali ndi kunenepa kwakekwake, ndipo zinafa nacho limodzi. Kumayambiriro kwa mzere kambedza kankaphonya pang'ono, pofika kumapeto kaphonya liwu lathunthu. Ndipo kupumira pa liwu lolakwika m'nyimbo ya maliro kuli ngati kugwetsa bokosi. Panalibe njira ina. Kachizindikiro kalikonse kanayenera kupatsidwa mwini wake ndi munthu wodziwa, kamodzikamodzi, ndipo tinali tambirimbiri ngati usipa pathandala.

Wodziwa anali gone m'chipinda. Sitiroko inawasiyira dzanja lamanzere ndi liwu limodzi lokha. Fiskani ankakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwaonetsa foni.

"Ada, kambedza aka ndi ka liwu ili?"

"Eya."

"Kapena ndi ka ili lotsatirali?"

"Eya."

Mkulu uja ankadziwa kuti wayankha zopanda pake, misozi inkatsikira kukhutu. Fiskani analeka kuwafunsa.

Ndiye anapita kwa a NyaManda. Dzina lawo ndi Alice koma palibe amene amawatchula choncho. Ndi amene akhala akutsogolera nyimbo za m'njira kuyambira ena a inu musanamere mano, mayi wamfupi, mawu ake ngati belu, lilime lake ngati lumo. Anasonkhanitsa amayi a Umanyano amene atsala, ine ndili m'gulumo, tinkakhala pamphasa pansi pa mango kwa a Longwe n'kumayimba, Fiskani akumvetsera mobwerezabwereza n'kumapatsa tizizindikiro eni ake. Anayamba mango ali maluwa, anamaliza mango atatha kugwa. Anaiphunzitsanso foniyo kuliza nyimbo motsata tizizindikiroto, kuti mwana wosadziwa solofa azimva pamene apume. Tsiku lokawamvetsa bambo ake anavala tayi. Analowa kuchipinda kwa bambo ake, a NyaManda ali pakhomo, n'kuliza nyimbo yoyamba.

Ada Longwe anamvetsera mzere woyamba, wachiwiri. Kenako dzanja lamanzere lija linakwawa pabulangete n'kukankhira foniyo pansi. Ngakhale eya wawo uja sananene. Anatembenuzira nkhope kukhoma.

Panja a NyaManda anakonza duku lawo mosafulumira.

"Mwana wa aphunzitsi, unati tikhale pamphasa, tinakhala. Unatipatsa tiyi wamkaka, tinamwa. Koma munthu wokhuta tiyi, wokhala pansi, mpweya amakhala nawo wambiri. Nyimbo izi zimapumira pamene mchenga wameza phazi. Zimakoka pamene onyamula bokosi akusinthana mapewa. Zili m'miyendo izi, si m'kamwa mokha."

"Ama, bwanji simunanene poyamba paja?"

"Unafunsa? Iwe unabwera ndi makina ako, ife timati makinawo akudziwa."

"Chabwino. Mawa tiyende njira ya kumanda, muyimbe mukuyenda."

Mayi wina analavulira pambali. A NyaManda anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

"Kumbuyo kwa yani? Bambo ako ali gone m'nyumbamu, iwe ukuti tikayeserere njira ya kumanda? Sukulu inakuchotsa chiyani m'mutumu? Nyimbo izi ukaziyendetsa popanda bokosi, bokosilo limabwera lokha."

Pamenepo mpamene Fiskani anayamba kutsata maliro. Ntchito ya pamphasa ija anaifafaniza yonse n'kuyambiranso. Kukamveka kulira kwina kulikonse, ankatseka shopu, kukwera njinga, n'kukayenda pafupi ndi amayi oyimba foni ili m'manja, ikutola mawu. Mwina mukuti bwanji sanangogawira anawo mawu ojambulidwawo basi. Mwamvapo maliro a kuno? Mphepo ya kunyanja, mapazi, mayi akulira akutchula dzina la mwana wake. Zimenezo sungapatse munthu kuti aziphunzirira. Iye ankapita nazo kunyumba, kusefa ndi khutu lake losamva nyimbolo, kubwereza mpaka atapeza kuti apa ndi pamene apuma, kambedza aka ndi ka liwu ili.

Ntchito yake inali yoyenda ngati kamba. Maliro amodzi ankamupatsa nyimbo ziwiri kapena zitatu, ndipo osati zimene iye akufuna. Mabanja opezako bwino anayamba kunyamula bokosi pagalimoto, sipika ikubangula nyimbo za pa kiyibodi, anthu akuthamanga pambuyo ngati akuthamangira basi. Kumaliro oterowo Fiskani ankabwerako chimanjamanja. Komabe tsiku lina anamaliza imodzi n'kukawalizira bambo ake. Dzanja lamanzere lija linayamba kugunda pabulangete, pang'onopang'ono, monga ankachitira pathebulo la kwaya, mpaka nyimbo inatha. Fiskani anatuluka panja n'kukaima kuseri kwa bafa nthawi yaitali. Kuyambira tsiku limenelo anali ngati munthu wolawa uchi. Anamaliza ina, ndi inanso, dzanja lija likuvomereza. Koma yaitali ija, imene bambo ake anaipaka laimu koposa zonse, inali isanamvekebe, chifukwa panalibe mkulu wa mpingo amene anamwalira.

Lilime ndi limene linamupha. Kunabwera kushopu msodzi wina, Bryson, ndi foni yosweka galasi. Agogo ake a Bryson anali mayi wa Umanyano wakalekale, ndipo anali akudwala.

"Ambuya ali bwanji, achimwene?"

"Zavuta. Phala lomwe akukana."

"Pepani kwambiri. Koma zikachitika mundiimbire msanga, ndichajiretu foni."

Ananena ngati akunena za mpira. Ndipo nkhope yake, amene analipo amati inawala. Iye m'mutu mwake munali nyimbo yaitali ija basi, sanamve n'komwe chimene pakamwa pake patulutsa. Bryson anatenga foni yake yosakonzedwa n'kutuluka osatsanzika. Sabata isanathe gogo uja anamwalira.

Mukudziwa mmene nkhani imayendera kuno, imaposa minibasi. Pofika kumsika inali yakuti Fiskani amadziwiratu amene afe. Pofika ku Kande inali yakuti amajambula mizimu ya akufa n'kuigulitsa kunja pa intaneti. Nanga munthu angasiye ntchito ku Lilongwe n'kudzakhala m'kashopu, akudya chiyani? Nanga bambo ake anagwa bwanji kumunda, munthu wamphamvu uja? Ndipo popeza mkazi wake ndi namwino, anati ndi iye amene amamuuza wodwala amene watsala pang'ono. Fiskani atapita kumaliro a gogo uja, anyamata anamuimitsa pamsewu n'kumubweza ndi njinga yake yomwe. Nyimbo yaitali inayimbidwa tsiku limenelo, iye ali kunyumba akusintha nsalu za pabedi la bambo ake.

Inu amene mukumva izi, musachite ngati munali ku Joni. Ena mwa inu ndi amene munkanong'ona pachitsime. Munthu anakula tikumuona, bambo ake anakuphunzitsani kulemba mayina anu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wopita kukamufunsa kuti kodi m'fonimo mukulowa chiyani. A NyaManda anayesa kunena kutchalitchi kuti mwanayu akungotola nyimbo. Anthu anati nkhalamba yadyetsedwa tiyi.

Kuchipatala amayi anayamba kubisa ana kumbuyo akaona Kate wanyamula jakisoni. Wina anachita kunena pamzere kuti ine andibaye wina, uyu ayi. Kate anapirira mwezi, iwiri, kenako tsiku lina anabwera masana, osavula n'komwe yunifolomu.

"Bambo a Lucy, ine ndinaphunzira kuchiritsa anthu. Lero mayi wathawa ndi mwana wotentha thupi chifukwa cha ine. Mwana uja akafa, ndi nyimbo iti imene mumuyimbire?"

"Zitha izi, mayi a Lucy. Yatsala imodzi yaikulu, zinazo ndi zazing'ono."

"Ndiye kuti mukudikira kuti wina afe."

"Sindinatero."

"Simunatero, koma mukudikira. Lucy kusukulu anzake sakudya naye. Ine ndapempha kubwerera kwathu."

Fiskani sanamuletse. Akanamuletsa ndi chiyani? Anawaperekeza pasiteji, anakweza zikwama, n'kubwerera kukapereka phala kwa bambo ake. Madzulo ake kunabwera a Golden, asibweni ake, mlongo wa malemu mayi ake, amene ndi mkulu wa mpingo. Anakhala pampando osavula chipewa.

"Mphwanga, takambirana. Kumaliro uzibwera, ndiwe mwana wa mudzi uno. Koma foni izitsala kunyumba. Ukaoneka nayo, ine sindidzatha kuwagwira anyamata aja."

"Asibweni, inunso mukukhulupirira zimenezi?"

"Chimene ndikukhulupirira ine chilibe ntchito. Ndikufuna ukhale ndi mutu pakhosi."

Anapempha amayi awiri atatu kuti amubisire foni m'chitenje poyimba. Onse anakana, ndipo sindiwanena, nawonso ali ndi adzukulu oti adye ndi anzawo. Ntchito inaima pamenepo. Ankatsegulabe laputopu, kukonza mitundu, kukulitsa zilembo kuti nkhalamba zizitha kuona, kusalaza zosalala kale. Tizizindikiro ta nyimbo yaitali anatiunjika pansi pa tsamba, mulu wa ana amasiye. Bambo ake ankamuyang'ana akalowa, maso akufunsa, iye n'kumawalizira zakale zomwe zija. Dzanja linkagundabe, koma mofooka.

Ada Longwe anamwalira nthawi ya mvula, m'mawa, Fiskani akuwapukuta kumaso. Anthu anabwera ambiri, pakuti theka la Chintheche linadutsa m'manja mwawo. Ena anabwera kudzalira, ena kudzaona ngati mwana atulutse foni. Panalibe zokamba za galimoto, mphunzitsi wa nyimbo anayenera kupita pamapewa. Ndipo aliyense ankadziwa nyimbo imene iyimbidwe, yaitali ija, pakuti nawonso anakalambira m'ntchito ya Mulungu. Pakhomo la tchalitchi, bokosi lisanatuluke, a Golden anatambasula dzanja.

"Bweretsa."

"Asibweni, ndi maliro a bambo anga."

"N'chifukwa chake. Ukaitulutsa lero anena kuti wawadya ndiwe."

"Ikhala m'thumba, palibe aione. Ndi lero lokha, asibweni. A NyaManda sadzayendanso njira iyi kawiri."

"Anyamata a kwa Bryson ali apo, akuyang'ana thumba lomwelo. Ukufuna tiike anthu awiri lero?"

Fiskani anayang'ana kumene ankaloza, anayang'ana bokosi, n'kupereka foni. A Golden anaizimitsa pamaso pa anthu onse n'kuiponya m'thumba la jekete.

Bokosi litangotsika masitepe, a NyaManda anaiyamba. Miyendo yawo inali itatupa kale, ankayenda atatsamira mdzukulu wa mchemwali wawo, koma mawu anatuluka ngati a mtsikana. Tinayimba bwino tsiku limenelo, sindinama, sitinayimbepo choncho. Fiskani anali kumbuyo kwenikweni kwa bokosi, ndipo anaganiza zoisunga m'mutu. Apa apuma, anapinda chala. Apa akoka, anapinda china. Apa amayi alowa okha, ndiye kamtanda kaja ndi ka liwu ili. Ankaona tizizindikiro ta bambo ake tikutsika kamodzikamodzi, kalikonse pamsana pa mwini wake, ndendende mmene mkulu uja anatiikira. Mumchenga monse anayenda milomo ikugwedera, anthu n'kumati akupemphera, ena n'kumati akuchita zake zija. Zala zinatha, anayambiranso. Koma mutu wake si wa nyimbo, munthu uja. Mzere wachitatu unayamba kukankha woyamba.

Pachitunda onyamula anasinthana mapewa, bokosi linapendekeka pang'ono, ndipo munamveka kugunda m'kati, mutu kapena phewa. Fiskani anatambasula manja onse awiri kuti agwirize, monga ankachitira powatembenuza pabedi. Zala zonse zinatseguka. Pomwepo mpamene anazindikira kuti amene ali m'bokosimo ndi bambo ake, ndipo analira ngati mwana wotayika pamsika, mpaka amuna awiri anachita kumugwira m'khwapa. Nyimbo inapitirira pamwamba pake mpaka kumanda. Sanamvenso liwu ndi limodzi lomwe.

Atamaliza masiku a chisoni anatsegula laputopu. Anakumbukira kambedza koyamba ndi kamtanda kamodzi, nakonso mokayikira. Anapita kwa a NyaManda. Anawapeza pakhonde, miyendo ili pa kampando, chifuwa chikulira ngati chitseko. Ulendo wa kumanda uja unawamaliza.

"Ama, ingoyesani. Muzipondaponda pansi muli chikhalire, ngati mukuyenda."

Anayesa, mayi uja, chifukwa ankamumvera chisoni. Anaponda, anaponda, anayimba mzere ndi theka, n'kuima.

"Sizikubwera, mwana wanga. Simenti iyi si mchenga. Ndikunamiza ngati poyamba paja."

"Nanga amayi enawa?"

"Amenewo amatsata. Ukawachotsera wa kutsogolo amabalalika ngati nkhanga. Ndinawauza kalekale kuti wina aphunzire kutsogolera, ankati mawa."

Fiskani anakhala nawo pang'ono, anawakonzera wailesi yawo imene inkalira mokanda, n'kubwerera kushopu.

Lero zinthu zili chonchi. Pulogalamu ija ikugwira ntchito, imatseguka pa foni iliyonse, ukaitembenuza imayalanso bwinobwino. Nyimbo zochepa zili ndi tizizindikiro take, zambiri zili mafupa okhaokha. Achinyamata a kwaya amene anaiika m'mafoni mwawo anaichotsa, ena akuti imadya malo, ena makolo awo anawauza kuti muli mizimu. Maliro ambiri tsopano akupita pagalimoto ndi sipika. Kate ali ku Dedza ndi Lucy, sanasudzulane koma za kubwerera sakunenapo. Fiskani akukhala yekha m'nyumba ya bambo ake, kumaliro amapita n'kukhala kumbuyo ndi amuna, foni amasiya kunyumba. Nyimbo yaitali sinamvekenso chiikireni Ada Longwe. Woyenera kuyimbiridwa wotsatira ndi a NyaManda eni ake, ndipo woitsogolera palibe.